Bambo anasiya kuseka chaka chathunthu sitiroko isanawagwire

Bambo anga anawapeza ndi BP ali ndi zaka 58. Anapatsidwa mapilitsi, anamwa kwa mwezi umodzi, mutu utasiya kuwawa anawaponya m'kabati. Kuyambira pamenepo lamulo lawo linali lakuti mankhwala a BP munthu amamwa akamva kuti yakwera, ndipo tonse pakhomo tinkaona ngati ndi nzeru. Mayi ankawakumbutsa pokhapokha akamva akudandaula kuti kunkhongo kukulemera. Zinayenda choncho kwa zaka zoposa 10.

BP yokwera nthawi zambiri simveka m'thupi. Lipoti la bungwe la WHO la 2023 linati anthu pafupifupi 1.3 biliyoni padziko lonse ali ndi vutoli, pafupifupi theka sadziwa n'komwe, ndipo anthu 4 mwa 5 alionse salandira chithandizo chokwanira. Bambo anali m'gulu la odziwa, okhala ndi mankhwala m'nyumba, koma osamwa. Ife tinkadikira kuti tsiku lina vuto likadzabwera lidzaonekera pachifuwa. Linayamba kuonekera pakhalidwe, ndipo palibe mmodzi wa ife amene analigwirizanitsa ndi mtima.

Bambo ndi telala. Anasoka kwa zaka zoposa 40, ndipo anali munthu wa nthabwala, woti kasitomala wobwera kudzayezetsa thalauza ankachoka patapita ola lathunthu nthiti zikuwawa. Atakwanitsa zaka 70 nthabwala zija zinayamba kuzilala. Sankalira, sankadandaula. Ankangokhala duu pampando, makina ali patsogolo pawo, nsalu za eni zitaunjikana. Wailesi imene ankaitsegula m'mawa uliwonse inangoti zii. Mdzukulu akakwera pamwendo ankamugwira bwinobwino, koma nkhope osasuntha. Ukawafunsa ankayankha mawu omwewo: “Ndili bwino.”

Mayi ndi amene anayamba kuona. Anandiimbira foni n'kunena kuti, “Bambo akowa si aja. Sindinayambane nawo, sakudwala, koma m'nyumba muno zili ngati ndikukhala ndi mlendo.” Ine ndinawayankha zimene aliyense akanayankha: “Amayi, ndi ukalamba umenewo, asiyeni apume.” Achimwene anali ndi maganizo awo, akuti Bambo angotopa nayo ntchito koma akuchita manyazi kunena.

Kenako zolakwika zinayamba kutuluka pansalu. Chodabwitsa n'chakuti mayina a anthu sankaiwala. Ankatha kukuuza muyezo wa m'chiuno wa kasitomala amene anamusokera suti zaka 20 zapitazo. Chimene chinasokonekera ndi dongosolo la ntchito. Anadula manja awiri a mbali imodzi. Analumikiza kolala mozondoka, anasomola, n'kulumikizanso chimodzimodzi. Ankayamba diresi jekete lisanathe, kenako n'kuima ndi sizasi m'manja osadziwa chotsatira. Kuwerengera chenji kunkawatengera nthawi moti kasitomala ankachita kuwathandiza.

Apa m'pamene pali chinthu chimene ndikanakonda wina akanandiuza. Ambiri timaganiza kuti matenda a ubongo a okalamba amayamba ndi kuiwala. Matenda a Alzheimer nthawi zambiri amayambadi choncho. Koma ubongo ukamawonongeka chifukwa cha mitsempha ya magazi, zoyamba kuonekera kawirikawiri ndi kuganiza mochedwa, kulephera kukonza zinthu motsatana, ndi kuzilala kwa chidwi. Munthu amakumbukira bwino, n'chifukwa chake apabanja amati palibe vuto. Ngati kholo lanu likulephera ntchito imene linkaigwira osayang'anako, musadzilimbitse mtima ndi mfundo yakuti likukumbukirabe mayina a zidzukulu zonse.

Nsalu zoonongeka tinkalipira ndife ana, mwakachetechete, kuti Bambo asachite manyazi. Makasitomala anayamba kuthawa mmodzimmodzi. Achimwene tsiku lina anapsa mtima n'kuwalankhula mawu amene mpaka lero amawawidwa nawo: “Bambo, ngati simukufuna kusoka ingonenani, osati kumationongera ndalama.” Bambo anangoti, “Chabwino.” Kusayankha kumeneko kunandiopsa kuposa kolala yozondoka, chifukwa Bambo amene ndinkawadziwa sakanalola mwana wawo kuwalankhula choncho.

Atayamba kusowa tulo ndiponso kudandaula kuti mapazi akutentha usiku, Mayi anapita nawo kukiliniki ina. BP inapezeka pa 178/100. Anauzidwa kuti akayambirenso mankhwala awo, ndipo anapatsidwa amitriptyline woti azimwa pogona. Panalibe amene anafunsa za kusintha kwa khalidwe, ndipo Mayi sanatchule chifukwa ankaona kuti si nkhani yokauza adokotala. Tulo tinabweradi. Koma m'mawa ankadzuka mutu uli wolemera, kukamwa kouma, kuchimbudzi osapita, mkodzo ukutuluka movuta, ndipo kusokonezeka kuja kunawonjezeka. Pambali pake ankamwanso diclofenac wa mawondo, wogula okha, pafupifupi tsiku lililonse.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti amitriptyline ali pamndandanda wa mankhwala amene bungwe la American Geriatrics Society limalangiza kupewa kwa okalamba, chifukwa amasokoneza kuganiza, amachititsa chizungulire, ndipo angathe kusokoneza kagundidwe ka mtima. Diclofenac ndi ibuprofen amakweza BP komanso amalemetsa impso. Sindikunena kuti munthu asiye yekha mankhwala amene anapatsidwa, ndipo ena sasiyidwa mwadzidzidzi. Ndikunena kuti popita kuchipatala muzinyamula m'thumba limodzi chilichonse chimene wokalambayo akumwa, ngakhale chogula yekha, n'kuchiyala patebulo pa dokotala.

Miyezi ingapo itadutsa, Mayi anandiuza nkhani ina mongodutsa, pakati pa nkhani zina. Akuti m'mawa wina kapu inawapulumuka Bambo m'manja, pakamwa panakhota pang'ono, ndipo mawu ankatuluka ngati a munthu woledzera. Pasanathe theka la ola zonse zinabwerera mwakale. Tinathokoza kuti zadutsa.

Sizinadutse. Kameneko kanali kasitiroko kongochenjeza, kamene madokotala amati TIA: mtsempha wa muubongo umatsekeka kwakanthawi kenako n'kutseguka. Ngozi yoti sitiroko yeniyeni itsatire imakhala yaikulu kwambiri m'masiku oyambirira. Kafukufuku wa EXPRESS, amene Peter Rothwell ndi anzake anachita ku Oxford n'kufalitsa mu 2007, anasonyeza kuti kuyeza ndi kuyamba mankhwala mwamsanga pambuyo pa TIA kapena sitiroko yaing'ono kunachepetsa ngozi ya sitiroko yotsatira ndi pafupifupi 80 peresenti. Choncho pakamwa pakakhota, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi ukafooka, kapena mawu akasokonekera, ndi ulendo wa kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale munthuyo atadzuka n'kumaseka.

Sitiroko yeniyeni inabwera madzulo, Bambo ali ndi zaka 71. Dzanja lamanja linalendewera, mawu anathawa. Mayi anakumbukira kuti ulendo woyamba zinatha zokha, ndiye anawagoneka kuti aone m'mawa. Pamene tinkafika kuchipatala dzuwa linali litakwera. Mankhwala osungunula magazi oundana amaperekedwa pasanathe maola 4 ndi theka chiyambire zizindikiro, ndipo ife nthawiyo inali itatidutsa kalekale. Ngakhale kumene mankhwala amenewo kulibe, kufika msanga kumathandizabe. Namwino anatikalipira atapeza Mayi akuwamwetsa madzi: munthu wa sitiroko sapatsidwa chakumwa kapena chakudya asanamuyeze ngati akumeza bwino, chifukwa zingalowe m'mapapo. Asipirini nayenso saperekedwa kunyumba sikani isanachitike, popeza sitiroko ina imabwera chifukwa cha kuphulika kwa mtsempha, ndipo pamenepo asipirini amawonjezera kukha magazi.

Ndinakhala pabenchi panja pa wodi miyendo ikunjenjemera. Mantha analipo, koma chimene chinandidzaza kwambiri chinali mkwiyo wopanda woulozera.

Atawayeza mtima ndi makina a ECG anapeza kuti ukugunda mosalongosoka, vuto lotchedwa atrial fibrillation. Zipinda zam'mwamba za mtima zimangonjenjemera m'malo mopopa, magazi amadikha pakona ina n'kuundana, ndipo kachidutswa kakathothoka kamakatseka mtsempha muubongo. Kafukufuku wa ku Framingham, ku America, amene anayamba mu 1948, anasonyeza kuti vutoli limachulukitsa ngozi ya sitiroko pafupifupi kasanu. Chopweteka n'chakuti nthawi zambiri lingathe kukayikiridwa ndi zala ziwiri zokha. Dokotala anandigwiritsa dzanja la Bambo pamkono n'kundiuza kuti ndimvetsere kwa mphindi imodzi. Kugunda kwake kunalibe ndondomeko: kawiri mofulumira, kaphokoso kofooka, kenako mpata. Bambo sanamvepo chilichonse pachifuwa.

Sikani ya mutu inaonetsa sitiroko yatsopanoyo, koma inaonetsanso zipsera zing'onozing'ono zakale mkati mwa ubongo, ndi malo ambiri amene asintha maonekedwe chifukwa timitsempha tating'ono tinauma n'kuchepa ndi BP ya zaka zambiri. Atamva kuti Bambo ndi telala, dokotalayo anati zili ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete: ukaiona patali ndi yathunthu, ukaiyang'anitsa padzuwa m'pamene timabowo timaoneka.

Kenako anafunsa funso limene palibe anali atatifunsapo: “Sitiroko iyi isanachitike, bambowa anali munthu wotani? Anasintha?”

Mayi anayamba kulira asanayankhe. Anafotokoza za wailesi, za nthabwala, za kolala. Dokotala anamvetsera mpaka kumapeto, ndiyeno anati zonsezo ndi nkhani imodzi. Ubongo umalemera pafupifupi 2 peresenti yokha ya thupi koma umagwiritsa ntchito pafupifupi 20 peresenti ya mpweya wa okosijeni umene thupi limafuna, ndipo zonsezo umadalira mtima ndi mitsempha. Njira za muubongo zimene zimayendetsa chidwi, chisangalalo ndi kukonza zochita zimadutsa m'malo omwewo amene timitsempha tating'ono timadyetsa. Mu 1997 George Alexopoulos ndi anzake ku America anafotokoza kuti matenda ovutika maganizo amene amayamba munthu atakalamba kale angathe kuchokera ku kuwonongeka kwa mitsempha kumeneku, ndipo odwala otere nthawi zambiri saoneka achisoni kwenikweni: amangokhala ozizira, ochedwa, osalabadira. Ndinkamva ngati akuwerenga mbiri ya chaka chathu chonse.

Anatiuzanso kuti msewuwu ndi wopita ndi wobwerera. Mtima wodwala umagwetsa maganizo, ndipo maganizo akagwa mtima umavutikanso. Mu 1993 Nancy Frasure-Smith ndi François Lespérance ku Montreal anatsatira anthu amene anadwala mtima mwadzidzidzi, n'kupeza kuti amene anali ndi matenda ovutika maganizo ankamwalira kwambiri m'miyezi 6 yotsatira poyerekeza ndi anzawo. Zina mwa zifukwa zake n'zoonekeratu: munthu wotaya mtima samwa mankhwala, sayenda, sabwerera kuchipatala. Zina ndi za m'thupi, monga mahomoni a nkhawa okhala okwera nthawi yaitali. Mu 2008 bungwe la American Heart Association linalangiza kuti odwala mtima azifunsidwanso za maganizo awo. Ndipo mwa anthu opulumuka sitiroko, pafupifupi mmodzi mwa atatu amadzavutika maganizo.

Bambo anatuluka m'chipatala akuyenda mokoka mwendo pang'ono, mawu atabwerera ngakhale mochedwa. Kuyeza kaganizidwe anati kudikire kaye milungu ingapo, chifukwa munthu wongochoka pabedi la chipatala amalephera mafunso ngakhale ubongo wake uli bwinoko.

Tsiku loyezalo sindidzaliiwala. Anagwiritsa ntchito mayeso a MoCA, amene Ziad Nasreddine anakonza ku Montreal, a mapointi 30. Anawauza kuti ajambule wotchi. Munthu amene ankajambula kolala ndi choko popanda chopimira anaunjika manambala onse 12 mbali imodzi ya bwalo, n'kuyang'ana pepalalo kwa nthawi yaitali, akudziwa kuti china chake chalakwika koma osachipeza. Ndinayang'ana kumbali. Anapeza 19. Dziwani kuti mayeso amenewa amakondera amene anapita patali ndi sukulu ndiponso amene akufunsidwa m'chinenero chawo, choncho muuzeni woyezayo kuti kholo lanu linalekezera pati, ndipo lipite ndi magalasi ake. Nambala yokhayo si chigamulo.

Mafunso a maganizo ndi amene anandilasa. Pali mndandanda wa mafunso 15 oyankha kuti inde kapena ayi, wokonzedwera okalamba. Namwino anandipempha kuti ndikhale chete. Anafunsa ngati asiya zinthu zambiri zimene ankazikonda. Inde. Ngati amaona kuti moyo wawo ndi wopanda kanthu. Inde. Ngati amadziona kuti ndi opanda pake. Bambo anakhala kaye chete, kenako anati, “Ine ndinatha kalekale. Ndimangodikira tsiku kuti ndisamavutitse anawa.” Namwinoyo sanadzidzimuke. Anawafunsa mwachindunji ngati anaganizapo zodzipha. Anati ayi, koma kuti akagona osadzuka sangadandaule. Ine ndinkaopa kuti funso lotere lingamuike munthu maganizo oipa. Anandiuza kuti silitero, ndipo m'mayiko ambiri amuna okalamba ndi amene ali pangozi yaikulu yodzipha, n'chifukwa chake amafunsa mosabisa. Chaka chonse chija “ndili bwino” ankabisa zimenezi.

Mankhwala anasinthidwa. Amitriptyline anachotsedwa pang'onopang'ono, diclofenac analetsedwa. A BP anakhala amlodipine ndi hydrochlorothiazide. Anawonjezera statin wotsitsa mafuta m'magazi, warfarin woletsa magazi kuundana, ndi sertraline wa maganizo. Achimwene anafunsa chifukwa chake osangopereka asipirini, amene ndi wosavuta. Yankho linali lakuti pa atrial fibrillation warfarin amachepetsa ngozi ya sitiroko ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu, pamene asipirini amachepetsa pang'ono chabe. Mtengo wake ndi maulendo: magazi ayenera kuyezedwa pafupipafupi kuti nambala ya INR, yosonyeza nthawi imene magazi akutenga kuti aundane, ikhale pakati pa 2 ndi 3. Alipo mankhwala atsopano monga apixaban ndi rivaroxaban osafuna kuyeza kotere, koma ife sitikanawakwanitsa mwezi ndi mwezi. Sertraline anasankhidwa chifukwa kafukufuku wa SADHART wa 2002 anasonyeza kuti savulaza odwala mtima, ngakhale kuti akaphatikizana ndi warfarin ngozi yokha magazi imakwera, ndiye ankawayang'anira kwambiri.

Ndinaganiza kuti tafika. Pasanathe mwezi, Bambo anasokonezeka kuposa kale lonse. M'masiku awiri okha anasiya kuzindikira kuti ali kunyumba kwawo, ankafuna kutuluka usiku kuti akatsegule shopu, ankachita nseru, akuyenda dzandidzandi. Mayi anati basi, misala ija yafika. Achimwene anati ndi mapilitsi a maganizo aja, atayidwe. Ine mutu unaima.

Tinabwerera nawo kuchipatala, ndipo magazi anaonetsa kuti mchere wa sodium watsika kufika pa 122, pamene woyenera ndi 135 mpaka 145. Hydrochlorothiazide amatha kuutsitsa, sertraline nayenso amatha kuutsitsa, ndipo kwa wokalamba awiriwa akakumana ngozi imakula, makamaka m'milungu yoyambirira. Anawagoneka, anachotsa hydrochlorothiazide n'kuika mankhwala ena a BP, anakweza sodium pang'onopang'ono, ndipo mutu unabwerera. Phunziro lake ndi ili: matenda a dementia, amene amawononga kuganiza ndi kukumbukira pang'onopang'ono, amakula m'miyezi ndi zaka. Kusokonezeka kobwera m'maola kapena masiku ochepa ndi chinthu china, ndipo nthawi zambiri kumakhala ndi chochititsa chochizika, monga mchere wa m'magazi, shuga, matenda a m'chikhodzodzo kapena m'mapapo, mankhwala atsopano, kapena sitiroko ina. Musakuthetse powonjezera mchere kunyumba. Ndipo wokalamba akamayamba mankhwala amitundu iwiriyi, funsani kuti magazi adzayezedwa liti. Pa ulendo womwewo anayezanso chithokomiro ndi vitamini B12, chifukwa zikasokonekera zimabweretsa kuiwala ndi kufooka kwa maganizo kofanana ndi kumeneku. Za Bambo zinali bwino.

Panachitikanso kugwa kumodzi, m'bandakucha, atadzuka mofulumira kupita kukataya madzi. Munthu wa warfarin akamenyetsa mutu amayenera kukaonedwa ngakhale pasaoneke bala, ndiye unali ulendo winanso ndi sikani ina. Kuchokera pamenepo BP timaiyeza atakhala pansi, kenako ataimirira, ndipo anaphunzira kukhala kaye m'mphepete mwa bedi asanaime. Tinagula makina oyezera pamkono ndi kabuku kolembamo. Pa zonse zimene tinagula, zimenezi ndiye zinatithandiza kwambiri.

Mankhwala a maganizo sagwira msanga, ndipo kwa okalamba a mitsempha yowonongeka amachedwa kwambiri, nthawi zina osagwira mokwanira. Miyezi iwiri inadutsa tisakuona kanthu. Tsiku lina ndinalowa m'nyumba, Bambo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, “Iwe, siketi imeneyi anakusokera ndani? Mpendero wake ukupita kumene ukufuna.” Mayi anaseka mpaka kugwira khoma. Ine ndinalowa kubafa kukalira. Aka kanali koyamba pa nthawi yaitali kuti china chake chiwakhudze mpaka kuchinyoza.

Usiku umene ndinkasowa tulo ndinkawerenga kafukufuku, ndipo ndinene mosabisa kuti zambiri zimene ndinapeza zinafika mochedwa kwa Bambo. Kafukufuku wa SPRINT ku America anatenga anthu 9,361 a zaka 50 kupita m'tsogolo, ena n'kuwatsitsira nambala yam'mwamba ya BP kufika pansi pa 120, ena pansi pa 140. Gawo lake loona za ubongo, SPRINT MIND, linatuluka mu 2019: mwa otsitsidwa kwambiri, kufooka koyambirira kwa kaganizidwe kunachepa ndi 19 peresenti, ngakhale kuti pa dementia yeniyeniyo kusiyana kwake sikunafike potsimikizika. Kukomoka ndi mavuto a impso zinali zochulukirapo m'gulu lomwelo, ndipo anthu amene anadwalapo sitiroko kapena a shuga sanatengedwe n'komwe. Ndinapita kwa dokotala ndi nambala ya 120 m'mutu, iye n'kundikumbutsa kuti Bambo anga sakanaloledwa kulowa m'kafukufukuyo. Musamatengere nambala ya m'nyuzi n'kukaipanikiza pa kholo lanu.

Umboni wamphamvu unabwera mu 2025 kuchokera kumidzi ya ku China, kumene anthu pafupifupi 34,000 a BP yokwera anatsatiridwa kwa zaka 4. Kumene azaumoyo a m'midzi, osakhala madokotala, ankapereka mankhwala ndi kuyendera odwala n'cholinga chotsitsa BP pansi pa 130/80, dementia inachepa ndi 15 peresenti. Amene amati wokalamba kwambiri BP yake ingosiyidwa aone kafukufuku wa HYVET wa 2008, wa anthu a zaka 80 kupita m'tsogolo, amene anapeza kuti kuchiza BP kunachepetsa imfa. Ku Finland, Miia Kivipelto ndi anzake anatenga anthu 1,260 a zaka 60 mpaka 77 pa kafukufuku wa FINGER, n'kuphatikiza kadyedwe kabwino, masewera olimbitsa thupi, zolimbitsa ubongo ndi kuyang'anira BP, shuga ndi mafuta kwa zaka ziwiri. Zotsatira za mu 2015 zinaonetsa phindu, lochepa koma lenileni. Gulu la akatswiri la Lancet, lotsogoleredwa ndi Gill Livingston, linati mu 2024 pafupifupi 45 peresenti ya dementia imagwirizana ndi zinthu 14 zotheka kusintha, ndipo BP, shuga, fodya, mafuta oipa m'magazi, kuvutika maganizo, kusamva bwino ndi kudzipatula zonse zili momwemo.

Sikuti zonse zinatuluka mokoma. Kafukufuku wa ENRICHD wa 2003 anathandiza odwala mtima ovutika maganizo ndi uphungu. Maganizo awo anakhalako bwino, koma imfa ndi kudwalanso mtima sizinachepe. Ine ndimaona kuti zimenezi sizichotsa kanthu. Sitinachize maganizo a Bambo kuti tiwonjezere zaka. Tinachiza kuti abwerere patebulo, ndipo munthu amene wayambanso kulabadira amamwa yekha mapilitsi ake.

Ndalama zambiri zinapita kosayenera. Achibale okoma mtima anabweretsa mabotolo a “zolimbitsa ubongo,” ena tinagula tokha chifukwa chosowa mtengo wogwira. Ambiri anali ndi ginkgo, mankhwala ochokera ku masamba a mtengo wa dzina lomwelo. Kafukufuku wamkulu wa ku America wa 2008, wa anthu oposa 3,000 a zaka 75 kupita m'tsogolo, anapeza kuti ginkgo saletsa dementia, ndipo kwa munthu wa warfarin akhoza kuwonjezera kukha magazi. Dokotala ataona mabotolowo anatiuza kuti tisiye tsiku lomwelo. Zina zimene zinatidya ndi mayendedwe, masikani, masiku amene ndinajomba kuntchito mpaka abwana kundiitanitsa, ndi makina amodzi osokera amene tinagulitsa. Ine ndi Achimwene tinakhala miyezi tikulankhulana za mankhwala zokha, aliyense akuona kuti mnzake sakusenza mokwanira. Mayi anaonda, BP yawo inakwera, ndipo tinachedwa kuona kuti wodwazika nayenso akufunika kuyezedwa ndi kupumitsidwa. Panopa tinagawana masiku, ndipo tsiku la Mayi lopuma silisunthidwa.

Bambo ali ndi zaka 73 tsopano. Suti sadzasokanso. Amaika mabatani, amakonza zipi, amapinda mipendero, ntchito za sitepe imodzi kapena ziwiri, ndipo wophunzira wawo wakale amawabweretsera zoterozo. Amayenda m'mawa uliwonse ndi mnzawo wina, mchere tinachepetsa kutsatira malire a WHO a magalamu osafika 5 patsiku, ndipo mapilitsi ali m'kabokosi ka masiku 7 kamene Mayi amadzaza Lamlungu. Atayezedwanso mayeso a MoCA aja patapita chaka anapeza 21. Dokotala anati tisasangalale mopitirira, popeza gawo lina la kukwerako ndi maganizo amene anachira, osati zipsera zimene zinafufutika. Matenda a mitsempha amakonda kutsika ngati masitepe, kukhala malo amodzi kwa nthawi kenako n'kugwa, ndipo ntchito yathu ndi kuchedwetsa sitepe yotsatira.

Kafukufuku amasonyeza kuti BP ya zaka za pakati pa moyo, kuyambira cha m'ma 40, ndi imene imagwirizana kwambiri ndi dementia ya kuukalamba. Tinayezetsa tonse. Yanga inali bwino. Ya Achimwene, a zaka 46, inapezeka yokwera maulendo onse amene anayezedwa, ndipo ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku. Amene amawalondalonda kwambiri ndi Bambo.

Chinthu chomaliza chimene dokotala anatikakamiza, ndipo tinkachizengereza, chinali kukhala pansi ndi Bambo mutu ukadali bwino n'kuwafunsa zofuna zawo: ndani azisainira za ndalama akadzalephera, ndani azilankhula ndi madokotala, ndipo akadzadwala kwambiri akufuna chithandizo chofika pati. Tinkaopa kuti tiwakhumudwitsa. Iwo anali ataganiza kale zonse. Za ndalama anasankha Mayi, za kuchipatala anasankha ine, ndipo makina otsalawo anati adzapite kwa wophunzira wawo uja, osati kwa ife, chifukwa palibe mwana wawo amene amatha kulowetsa ulusi pasingano. Tinalemba, anasaina ndi dzanja lamanzere, ndipo pepala lina lili kwa Achimwene.